Alamu Anga ndi Belu la ku Kalabu

Alamu anga sapitanso ku kalabu. Anthu akandifunsa pamsewu ndimangoti atanganidwa ndi mayunifolomu a ana asukulu, chifukwa ine pakamwa panga n'polemera, ndipo mawu abwino amandibwerera munthu atapita kale. Koma amene akufalitsa zoti mayi ameneyu anachotsedwa chifukwa cha mwano akungonena mbali imodzi. Mbali inayo ndinaiona ndekha, ndili pampando wanga wapafupi ndi chitseko.

Iwowa ndi mlongo wawo wamkulu wa malemu amuna anga. Sukulu anasiyira panjira mayi awo atadwala, n'kulera okha azichimwene awo, ndipo kusoka anaphunzira poyang'anira telala wina wapakhonde amene ankawatuma makala a simbi. Lero m'tauni muno aliyense amangowatchula kuti a Telala. Shopu yawo ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya mankhwala: makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi galasi lalitali losweka pakona limene limanenepetsa aliyense. Ndi munthu wamfupi, tepi m'khosi tsiku lonse, mapini pakamwa. Amatha kukukalipira mapiniwo ali pakamwa pomwepo, osagwa ndi imodzi yomwe. Diresi yanga yaukwati anasoka ndi iwo, ndipo pondiyeza anandiuza kuti mchimwene wawo wasankha ndodo osati mkazi. Ndinalira, koma diresiyo ndikadali nayo. Chimene a Telala asoka, nsalu imatha msoko ukadalipo.

Ali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wamkulu tsopano, amene anabadwa wosamva. Tinkamutchula Mabatani chifukwa ali wamng'ono ankakhala pansi pa tebulo n'kumasankha mabatani m'chitini, ofanana paokha. Bambo ake anachoka mwanayo asanayambe sukulu. Kusukuluko anakhala zaka zingapo pabenchi yakumbuyo, akuyang'ana msana wa mphunzitsi amene ankalankhula ndi bolodi, mpaka alamu anatopa n'kumutenga kuti azisoka. Awiriwa anali ndi zizindikiro zawozawo: ulusi, kudya, kasitomala wabwera, wamaliza, phwasula. Zinkakwanira pa ntchito, ndipo tonse tinkaganiza kuti ndi zokwanira basi.

Kalabu imene ndikunenayi ndi ya anthu odzipereka kuthandiza ena popanda malipiro. Ambiri ndi eni masitolo, madokotala, maloya ndi akazi awo. Alamu analowamo kudzera kukhomo lakuseri. Anapatsidwa ntchito yosoka maepuloni a mamembala, ndipo pokapereka anamva kuti Loweruka akukapaka penti wodi ya ana kuchipatala. Anapita ndi bulashi yawoyawo. Kuchokera pamenepo sanaphonyepo Loweruka. Sindinganame, kalabuyi imagwira ntchito. Tinasonkhanitsa magalasi a maso n'kukagawira okalamba, tinanyamula anthu okapereka magazi, tinachapa zofunda za kumalo osungirako ana amasiye mpaka manja kusupuka. Ena ankafika dzuwa litakwera n'kugwira bulashi nthawi yojambula yokha, koma analiponso ogwira ntchito moona. Alamu ndiwo ankakwera makwerero kukapaka kudenga, n'kutsala akutsuka ndowa ena atapita. Loya wina atabwera ku ntchitoyi atavala nsapato zoyera, anamufunsa ali pamwamba pa makwerero ngati wabwera kudzapenta kapena kudzafunsira namwino.

Ine anandikokera kumeneko amuna anga atamwalira. Anandipeza masana ndili pampando, makatani otseka, n'kundifunsa:

"Alamu, khoma limeneli muliyang'ana mpaka liti? Ngati mumakonda makoma, nyamukani mukapake penti. Kuchipatala alipo ambiri."

Ndinapita chifukwa chowaopa. Ntchito yanga pamisonkhano inakhala yotsuka makapu ndi kupinda nsalu za patebulo, ndipo inandikwana.

Kalabu ili ndi zinthu ziwiri zimene munthu ayenera kuzidziwa kuti amvetse zimene zinachitika. Choyamba ndi belu. Limakhala patebulo patsogolo pa wapampando, lamkuwa, chogwirira chake chamtengo. Likalira, amene akulankhula amasiya pomwepo n'kukhala pansi, kaya ndi loya kaya ndani, ngakhale mawu ali pakati. Chachiwiri ndi lamba. Chaka chilichonse timasankha wapampando watsopano, ndipo amamuveka m'khosi lamba wa nsalu yokhuthala wokhala ndi tizitsulo tonyezimira, kalikonse kali ndi dzina la munthu amene anakhalapo pampandopo. Wosokerera kachitsulo katsopano anali alamu, chaka ndi chaka.

Choipa chili apa. Wapampando aliyense amafuna ntchito yakeyake, ya chaka chake, yoti adzakhomepo chikwangwani cha dzina lake. Ya mnzake saikhudza, ndipo wochoka pampando saloledwa kulowerera, akuti n'kupatsana ulemu. Chifukwa cha ulemu umenewo kundende kuli mashelefu opanda mabuku, ndipo kumsika kuli zimbudzi zokongola zopanda zitseko. Aliyense amadziwa. Timangodutsa titayang'ana kumbali.

Chaka chimene adokotala a mano anali pampando, alamu anabweretsa nkhani ya Madamu. Ameneyu ndi mphunzitsi wachitsikana wa pasukulu ya pulayimale ya kuseri kwa depoti, amene anapatsidwa ana osamva m'chipinda chimene kale ankasungiramo matsache ndi madesiki othyoka. Palibe anamuphunzitsa kaphunzitsidwe ka ana otere. Ankangoyesa, ndi zithunzi ndi manja. Kutsidya kwa nyanja kuli koleji yophunzitsa zimenezi. Maphunziro ake ndi a zaka ziwiri, ndipo chaka chachiwiricho ndi chimene chimamupatsa munthu chilolezo chophunzitsa aphunzitsi anzake akabwerera kwawo. Alamu ankati mphunzitsi mmodzi ndi kalasi imodzi, koma wophunzitsa aphunzitsi ndi sukulu zonse. Adokotala anavomera, anthu anaomba m'manja, ndipo kalabu inalonjeza zaka zonse ziwiri. Ndinalipo, ndinamva.

Chaka chimenecho tinatsuka magalimoto, tinagulitsa zovala zathu zakale, tinayenda ulendo wa ndawala mpaka mapazi kutuluka matuza. Alamu anasoka zikwama za nsalu zotsalira n'kumazigulitsa okha pakhomo pa banki, osachita manyazi. Atamva kuti kumeneko kumazizira, anamusokera Madamu jasi la bulangeti, lolemera ngati mwana wobereka kumsana. Ena a mu kalabu anawauza kuti azibwera ndi Mabatani pa zochitika zimenezi, kuti anthu akamuona mitima izifewa. Anakana. Anati mwana wawo si chikwangwani.

Madamu atamaliza chaka choyamba anabwera kutchuthi. Masana aliwonse akachoka kokaona ana a m'kalasi mwake ankadzera kushopu, n'kukhala pampando wa makasitomala, n'kumamuphunzitsa Mabatani chinenero chamanja chenicheni. Ine ndinali ndisanamuonepo mwana uja akuseka mpaka kugwira m'mimba. Manja ake ankathamanga ngati agwira moto. Alamu ankadula nsalu atatembenukira kwina, koma ndinkawaona akusuzumira pagalasi lija. Madamu atawauza kuti nawonso aphunzire, anati zala zawo zinazolowera sizasi, ndipo alibe nthawi yovina.

Wapampando watsopano, amene ankangodikira kuvekedwa lamba, anali a Simenti, mwini sitolo ya zomangira. Si munthu woipa kwenikweni, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Amaseka ndi aliyense, ndipo pamaliro a amuna anga anabwereketsa lole. Koma ntchito ya chaka chawo anali ataisankha kale: shedi pokwerera basi, ya njerwa zowotcha, chikwangwani chamkuwa pakati. Mu komiti ananena kuti za Madamu zinali za chaka cha adokotala, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Anatinso zimene mtsikanayo waphunzira kale n'zokwanira ana a m'kachipinda kake. Adokotala anali pomwepo. Anayang'ana zikhadabo zawo, chifukwa mwambo sunawalole kulankhula.

Madamu atamva anabwera kushopu n'kuwapempha alamu kuti asakangane ndi anthu chifukwa cha iye. Anati chaka chimodzi nachonso ndi mwayi, ndipo ena sanaupezepo. Alamu anamuuza kuti asiye kuthokoza anthu amene akumuvula malaya.

Tsiku lotsatira anapita kusitolo kwa a Simenti, ine ndili pambuyo nditanyamula chikwama. Tinawapeza akutsitsitsa malata mu lole. Anatilandira bwino n'kutiitanitsira zakumwa, koma alamu sanakhale pansi. Anawafunsa ngati munthu angagone m'nyumba yofolera mbali imodzi. A Simenti anaseka n'kunena kuti a Telala satha nthabwala. Kenako anafotokoza modekha kuti anthu odikira basi nawonso amanyowa, kuti kalabu ili ndi dongosolo lake, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mwina wapampando wa chaka chamawa adzaitenga nkhaniyi. Koma koleji sidikira chaka chamawa. Madamu akanapanda kubwerera tchuthi chitatha, malo ake akanapatsidwa wina. Alamu anawauza zimenezo, iwo n'kuyankha kuti pepani mayi, mwambowu sindinayambitse ndine.

Tinabwerera kushopu. Lamba anali atabwera kale kuti asokerere dzina. Anatsegula dirowa n'kumuponyamo, kachitsulo ka dzina la a Simenti pambali pake, kosasokerera.

"Akavale malata," anatero.

Kusinthana mpando kunachitika Loweruka masana, m'chipinda chakumbuyo cha hotela chimene timakumaniramo. Matebulo anali ndi nsalu zoyera, ndipo kunabwera alendo a m'makalabu ena. Madamu anaitanidwa kuti adzathokoze. Anathokozadi, anthu n'kuomba m'manja ngati nkhani yatha bwino. Kenako adokotala anaitanitsa lamba.

Alamu anaimirira n'kunena kuti lamba sanabwere naye, ndipo sasokerera dzina la munthu aliyense mpaka kalabu itakwaniritsa zimene inalonjeza. Anatchula mashelefu a kundende. Anatchula zimbudzi za kumsika. Anati zimbudzi zingathe kudikira zitseko, koma munthu sungamutumize kutsidya kwa nyanja n'kumusiya pakati ngati msoko wothera ulusi. Loya wa nsapato zoyera uja anati nkhaniyi si ya lero. Alamu anamuyankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iyeyo m'mimba mwake muli nkhuku ya hotela yokha. Ena anaseka. Apa a Simenti anatambasula dzanja, lamba asanavale n'komwe, n'kuliza belu.

Alamu anakhala pansi. Ichi chimandiwawa mpaka lero. Mayi amene saopa wapolisi kapena mwini nyumba anatseka pakamwa mawu ali pakati, miyendo n'kupinda yokha, chifukwa zaka zonsezi belu likalira ankakhala pansi. Ine ndinangokhala pampando wanga uja.

Chitseko cha pambali panga chinatseguka, n'kulowa Mabatani, epuloni ili m'chiuno, thukuta kumaso, pepala lapulasitiki kumanja. Anali atapeza lamba m'dirowa n'kuganiza kuti mayi ake aiwala. Anasokerera yekha kachitsulo kaja, bwinobwino, n'kuthamanga naye. Palibe anali atamuuza chilichonse. Madamu anamubisira poopa kumukhumudwitsa, ndipo pa zizindikiro za mayi ake panalibe cha lonjezo kapena cha komiti. Anakapereka lambayo patebulo lakutsogolo akumwetulira, chipinda chonse n'kuomba m'manja, a Simenti akumuweramira ngati mlendo wolemekezeka.

Potembenuka anaona nkhope ya mayi ake. Anayang'ana Madamu n'kufunsa ndi manja. Madamu anamuyankha mwachidule, manja ali pafupi ndi chifuwa. Ndinaona kumwetulira kuja kukuchoka pang'onopang'ono.

Sanachoke kutsogoloko. Anatembenukira anthu, tebulo la wapampando lili kumsana kwake, n'kuyamba kulankhula ndi manja, mwamphamvu, mpweya ukumveka m'mphuno. Si membala, ndipo palibe anamupatsa mwayi wolankhula. A Simenti anachita zimene wapampando aliyense amachita: analiza belu. Mabatani anapitiriza. Analizanso, dzanja lili m'mwamba, tsinya lili pamphumi, ngati munthu wodabwa ndi mwano woterewu. Wina kumbuyo anayamba kuseka n'kudzigwira pakamwa. Kenako m'chipindamo munangotsala belulo, likulira kumsana kwa munthu amene sanamvepo belu chibadwire. Akazi awo a a Simenti ndi amene anawagwira mkono.

Madamu anaimirira n'kuyamba kumasulira, osapempha chilolezo. Akuti lambayu wasoka chifukwa sanadziwe, ndipo moyo wake wonse wakhala akuchita zinthu asakudziwa. Akuti tchuthi chino ndi pamene wadziwa kuti anthu amamutchula Mabatani, ndipo dzinalo sakulikonda. Akuti mpaka lero sadziwa chimene chinachotsa bambo ake, ndipo ali mwana ankaganiza kuti ndi mbale imene anaswa. Akuti m'masukulu ena muli ana ambiri pabenchi yakumbuyo, amene adzakula ngati iye, akungoyang'ana milomo ya anthu ikutseguka ndi kutseka. Kenako analoza mayi ake, ndipo Madamu anasiya kulankhula.

"Nenani zonse, Madamu," alamu anatero ali pampando. "Sindinakusokereni jasi kuti muzindibisira mawu."

Madamu anapitiriza.

"Akuti inu amayi, Loweruka lililonse mumapita kukapaka makoma a eni, ine n'kutsala m'shopu ndi makina. Mwavutikira kuti Madamu aphunzire kulankhula nane, koma inuyo mwakana kuphunzira. Simunandifunsepo kanthu kena kupatula ngati ndamaliza."

Dzanja la alamu linapita pakhosi kufuna tepi, koma tsiku limenelo sanavale.

Mabatani potembenuka ndi pamene anaona belu m'dzanja la a Simenti. Anafunsa Madamu ntchito yake. Atauzidwa, anayang'ana belulo, n'kuyang'ana mwiniwake, kwa nthawi yaitali. Kenako anatulutsa kasizasi m'thumba la epuloni n'kudula ulusi wake womwe, umodziumodzi, osawononga nsalu. Kachitsulo ka dzina anakaika pambali pa mbale ya a Simenti, n'kutuluka.

Nkhani inafika kumsika ife tisanamalize kutsuka makapu. Madalaivala a kudepoti akaona galimoto ya a Simenti ankatulutsa dzanja pawindo n'kumaligwedeza ngati akuliza belu. Komiti inakumana mwachangu n'kugamula zinthu ziwiri. Maphunziro a Madamu apitirira, koma monga ntchito yatsopano ya chaka cha a Simenti, yokhala ndi dzina latsopano ndi nsalu yake yolembedwa. Mwambo sunaphwanyidwe, anangosintha dzina. Ndiye kuti zinali zotheka kuyambira pachiyambi pomwe, kungoti panafunika munthu wamkulu achite kaye manyazi. Chinacho chinali chakuti a Telala ananyozetsa kalabu pamaso pa alendo, ndipo apume kaye mpaka adzapepese pamsonkhano.

Adokotala ndi amene anabwera kudzanena, chipewa chili m'manja. Anati ndi mawu awiri okha mayi, tonse tikudziwa kuti simunalakwe. Alamu anawafunsa kuti ngati sanalakwe, akapepese chiyani. Adokotala anayang'ananso zikhadabo.

Madamu ananyamuka tchuthi chitatha, atavala jasi lija. Kushopu anadzera dzulo lake, ndipo zimene analankhulana sindinamve chifukwa ndinawapatsa mpata. Kubwalo la ndege alamu sanaitanidwe. Chithunzi chinatuluka m'nyuzipepala: a Simenti pakati, lamba m'khosi, dzina lawo litasokereredwa ndi telala wina, lopendekera, ndi mawu oyamikira masomphenya a wapampando. Ndinawapititsira alamu mtima ukutentha. Anachiyang'ana, n'kuyala tsambalo patebulo, n'kudulapo patani ya kolala ya yunifolomu.

Ine ndimapitabe ku kalabu, chifukwa wodi ya amayi ikufunika penti ndipo odwala sanalakwe kanthu. Kudenga palibe amene amakwera tsopano. Timapaka pofika dzanja basi, ndipo mzere wake umaoneka ukangolowa pakhomo. Wina akafunsa kuti a Telala abwera liti, amayankhidwa kuti zili kwa iwo, khomo n'lotsegula. Zaka zonse zija za makwerero ndi ndowa, lero akuti zili kwa iwo.

Loweruka ndikamabwerera ndimadzera kushopu. Ndimapeza makina atavindikiridwa, awiriwo atayang'anizana patebulo lodulirapo nsalu. Dzina la Mabatani tinasiya. Ali ndi lina lamanja limene anadzisankhira, ndipo silingalembeke papepala. Alamu amaphunzira movutikira, ndipo akalakwitsa mwana wawo amawamenya padzanja n'kuwaonetsa chizindikiro chawo chakale chija cha phwasula. Sabata yatha ndinawapeza akuyesa kumufotokozera za bambo ake. Manja ankawathera mawu, n'kuyambiranso, mapini ali m'kambale pambali. Bulashi yawo ikadali pamsomali kuseri kwa chitseko, yotsukidwa bwino. Yanga inathothoka, koma sindinawafunse ngati ndingabwereke yawoyo.